Ndinkafufuta masabata opumula mpaka fupa la msongolo linang'aluka

Ndinayamba kuthamanga nditakula kale, ndipo cholinga poyamba chinali kuchepetsa mimba basi. Miyezi yoyambirira ndinkati ndikathamanga pang'ono, ndimaima ndili wefuwefu, kukhosi kutauma. Koma thupi silichedwa kuzolowera. Pasanapite nthawi yaitali ndinalowa mpikisano wa makilomita 10, kenako wa hafu marathoni wa makilomita 21.1, ndipo mtima unayamba kulakalaka marathoni yeniyeni ya makilomita 42.195. Ndikulembera inu amene mwafika pamene ndinafika ine nthawiyo: mwayamba kuona zipatso, nthawi yanu ikutsika sabata ndi sabata, ndipo kupuma kwayamba kuoneka ngati ulesi.

Nditalembetsa marathoni ndinatenga ndondomeko yokonzekera pa intaneti. Inali yabwino ndithu, yolembedwa ndi munthu wodziwa ntchito yake. Makilomita ankakwera pang'onopang'ono kwa masabata atatu, koma sabata yachinayi iliyonse ankatsika kwambiri, ngakhale ulendo wautali wa kumapeto kwa sabata unkafupika. Nditaona zimenezo ndinaganiza kuti masabata amenewo anawaikira anthu ofooka, kapena otanganidwa amene amafuna kupeza mpata wochita zina. Ine mphamvu ndinali nazo, nthawi ndinali nayo. Ndinatenga cholembera n'kufufuta manambala a masabata otsikawo, m'malo mwake n'kulemba ena okwera. Pa pepala zinkaoneka zokongola, mzere wongokwera kuchokera sabata yoyamba mpaka tsiku la mpikisano.

Kunena zoona, poyamba zinkayenda. Ichi n'chimene chimapusitsa anthu ambiri, chifukwa munthu ukadumpha sabata yopumula palibe chimene chimakuchitikira sabata yotsatirayo. Ndinkathamanga mofulumira kuposa kale, zovala zinayamba kukhwepa, ndipo wotchi yanga inkandiuza uthenga wokoma m'mawa uliwonse. M'gulu limene ndinkathamanga nalo munali bambo wina wachikulire, wa imvi, amene anali atamaliza marathoni zambiri. Tsiku lina tikuwongola miyendo anandifunsa kuti, "Achimwene, mwezi uno mwapumako liti?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, ine ndidzapuma ndikadzamaliza marathoni." Iwo anangoseka n'kunena kuti kuthamanga sikufika. Ndinaseka nawo mwaulemu, koma mumtima ndinkati akunena choncho chifukwa mawondo awo atha.

Zizindikiro zinayamba ndondomeko itafika chapakati, ndipo sizinayambire m'miyendo. Choyamba chinali tulo. Ndinkagona ndili wotopa kwambiri, koma pakati pa usiku ndinkadzidzimuka, maso gwa, mpaka kunja kucha. Kenako ukali. Mwana akagwetsa kapu ndinkakalipa ngati wapalamula mlandu waukulu, ndipo mkazi wanga anafika pondifunsa ngati kuntchito kuli mavuto. Chimfine chinandigwira, chinatha, pasanapite nthawi chinabweranso. Chilakolako cha chakudya chinachepa pa nthawi imene ndinkayenera kudya kwambiri. Ndinkadzuka m'mawa n'kuyang'ana nsapato zothamangira mtima uli zii, pamene kale ndinkachita kuziyembekezera. Chilichonse mwa izi ndinkachipezera chifukwa chake: tulo ndi nkhawa za kuntchito, chimfine ndi nyengo, ukali ndi ana osamva. Sindinaziikepo pamodzi n'kuziona ngati nkhani imodzi.

Kenako liwiro linayamba kutsika. Mtunda umene ndinkaumaliza mosavutika unayamba kundilemera, miyendo ngati si yanga. Pamenepa m'pamene zinthu zinakhotera, chifukwa munthu amene liwiro lake likutsika ali ndi njira ziwiri zomvetsera zimenezo: kapena sakuchita zokwanira, kapena wachita zopyola. Ine ndinasankha yoyamba. Ndinawonjezera tsiku lina lothamanga mwamphamvu, ndipo tsiku limodzi lopuma limene linatsala pa sabata ndinayamba kupita ku jimu.

Chimene ndikanakonda kudziwa nthawi imeneyo n'chosavuta. Muziwerenga kugunda kwa mtima wanu m'mawa musanadzuke pabedi, chala pa dzanja kwa mphindi imodzi, n'kulemba. Pakatha masabata angapo mumadziwa nambala yanu ya masiku onse. Ikakwera kuposa mwa nthawi zonse kwa masiku angapo otsatizana, pamodzi ndi kusowa tulo ndi miyendo yolemera, thupi likukuuzani kuti silinachire. Wotchi yanga inkasunga nambala imeneyi tsiku lililonse, ndipo nditadzaiyang'ana pambuyo pake inali itakwera kwa nthawi yaitali. Ine ndinkangoyang'ana makilomita.

Ululu wa mwendo unayamba mwakachetechete, mkati mwa msongolo wa kumanzere, cha m'munsi. Unkamveka ndikangoyamba kuthamanga, thupi likatentha n'kuzimiririka. Anzanga ankati n'zachizolowezi, aliyense wothamanga amamva zimenezo, ndipo n'zoona kuti kupweteka kwa msongolo n'kofala. Koma wanga unasintha khalidwe. Unasiya kuzimiririka, unayamba kukula ndikamathamanga. Poyamba unali wofalikira, moti ndinkausisita ndi chikhatho chonse, koma kenako unadzasonkhana pamalo amodzi oti n'kulozapo ndi chala chimodzi, ndikadinapo n'kudumpha. Unayamba kumveka poyenda, potsika masitepe, ngakhale nditagona usiku. Kusintha kumeneku muzikuyang'anitsitsa. Ululu wofalikira umene umachepa thupi likatentha ndi nkhani ina, ululu wa pamalo amodzi pa fupa umene ukukula ndi nkhani inanso, ndipo wachiwiriwu sufuna kukambirana ndi anzanu a m'gulu, ufuna dokotala.

Ine ndinayamba kumwa mapiritsi oletsa ululu a ibuprofen ndisanatuluke m'nyumba. Ankagwira ntchito yake bwinobwino, n'chifukwa chake anandipweteketsa. Ululu ndi umene ukanandiimitsa, ndipo ine ndinautseka pakamwa n'kupitiriza kumenyetsa fupa lodwala pa msewu wolimba. Tsiku limene ndinasiya, sindinachite kusankha. Ndinali pa ulendo wautali, ndipo chapakati mwendo unangokana kuponda. Ndinabwerera kunyumba ndikutsimphina, ndikuima m'njira kangapo, manyazi ndi mkwiyo zitandigwira pamodzi.

Kuchipatala anandijambula X-ray ndipo sipanaoneke kanthu. Anandiuza kuti mwina ndi minofu, ndipumeko pang'ono. Ndinasangalala ngati wapambana mlandu. Ndinapuma masiku owerengeka, ululu utachepa ndinabwerera pa msewu, ndipo sabata isanathe ndinali pamene ndinali, mwinanso kuposa. Apa ndinataya nthawi yambiri, choncho mudziwe ichi: mng'alu wa fupa wobwera chifukwa cha kulipanikiza mobwerezabwereza, umene madokotala amautcha stress fracture, nthawi zambiri suoneka pa X-ray m'masabata awiri kapena atatu oyambirira. Umadzaoneka pambuyo, fupa likayamba kudzimata. Makina a MRI amauona msanga, koma sapezeka paliponse. Choncho X-ray yoyera si chilolezo chothamangira. Ngati chala chimodzi chikupezabe malo opweteka pa fupa, bwereraninso, ndipo muwauze madokotala momveka bwino kuti mumathamanga makilomita angati pa sabata komanso munawonjezera liti. Ine ulendo woyamba ndinangoti mwendo ukuwawa.

X-ray yachiwiri inaonetsa mng'aluwo. Dokotala anati ndili ndi mwayi chifukwa unali mkati cha kumbuyo kwa fupa, kumene kumapola bwino, nthawi zambiri m'masabata 6 mpaka 8 munthu akasiya kuthamanga. Ukanakhala kutsogolo kwenikweni kwa msongolo ukanatenga nthawi yaitali kwambiri, ndipo ena amafika pochitidwa opaleshoni. Marathoni inali pafupi. Ndinafunsabe ngati ndingathamange pang'onopang'ono n'kungomaliza. Anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Bambo, mng'alu ukhoza kusanduka fupa lothyoka. Musankhe nokha."

Amene anandimasulira bwino zimene zinachitika anali mayi wa mafizo amene ndinkapitako pambuyo pake. Anandipempha kuti ndibweretse pepala la ndondomeko lija. Ataona manambala ofufutidwa anapukusa mutu, koma sanandinyoze. Anandifotokozera kuti fupa ndi lamoyo, ndipo likamapanikizika limadzikonza kuti lilimbe. Kungoti limachita ngati mmisiri wokonza khoma, amene amayamba wagumula njerwa zowonongeka asanaike zatsopano. Pali maselo amene amadya mbali yakale ya fupa, ndipo ena amabwera pambuyo kudzamanga yatsopano. Kugumulako kumatenga masabata ochepa, koma kumanga ndi kulimbitsa kumatenga miyezi. Pakati pa ziwirizi fupa limakhala lofooka kuposa mmene linalili. Ukapitiriza kuwonjezera katundu pa nthawi imeneyo, timing'alu ting'onoting'ono timachuluka mofulumira kuposa mmene thupi lingatitsekere, mpaka timalumikizana.

Anawonjezera chinthu chimene chinandikhudza kwambiri. Mtima, mapapo ndi minofu zimazolowera msanga, m'masabata ochepa. Mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimachedwa. Ndiye munthu amene wangoyamba kumene kulimba amamva mphamvu zenizeni, si zongoganizira, koma mphamvuzo zili m'chifuwa, miyendo isanafikepo. N'chifukwa chake kupuma pokhapokha ukamva kutopa sikuthandiza. Fupa silikuuza kanthu mpaka litawonongeka kale. Sabata yopumula iyenera kulembedwa pa kalendala pasadakhale, n'kuitsatira ngakhale thupi likunena kuti lili bwino, makamaka likamanena choncho.

Zimene ndinataya ndi izi. Ndalama zolembetsera marathoni sizinabwerere, za malo ogona zimene ndinalipiriratu chimodzimodzi. Ndinalipira X-ray kawiri, madokotala, ndi maulendo ambiri a ku mafizo, moti zonse pamodzi zinaposa kwambiri zimene ndikanawononga pa mpikisano womwewo. Ndinakhala miyezi ndisakuthamanga, ndipo kuti ndibwerere pa mphamvu zimene ndinali nazo panapita nthawi yoposa theka la chaka. Mimba ija inabwerera. Koma chowawa kwambiri chinali cha mumtima. Tsiku la mpikisano ndinazimitsa foni kuti ndisaone zithunzi za anzanga atavala mamendulo. Ndinasiya kuyankha mauthenga a m'gulu. Kuthamanga ndi kumene kunkandichotsera nkhawa, ndiye kutachoka ndinakhala munthu wovuta kukhala naye. Mkazi wanga anapirira zambiri nyengo imeneyo. Zikadzakuchitikirani, musadzipatule ngati mmene ndinachitira ine. Bambo achikulire aja ndi amene anandiimbira, ndipo sanandikumbutse n'komwe zimene anandiuza. Anangoti ndizibwera kudzawagwirira madzi anzanga, ndisamangokhala m'nyumba.

Pa nthawi yokhala pansiyo ndinawerenga zambiri, chifukwa mantha anga aakulu anali akadalipo: ndinkakhulupirira kuti ndikachepetsa ngakhale sabata imodzi, zonse zimene ndakhetsera thukuta zitha. Ndinapeza kuti nkhaniyi akatswiri anaifufuza kalekale. Mu 1936 wasayansi Hans Selye anafotokoza mmene thupi limachitira likapanikizika: limadzidzimuka, kenako limazolowera n'kulimba, koma kupanikizako kukapitirira osalekeza limafika pogonja. Aphunzitsi a masewera anatengera maganizo amenewa, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Leonid Matveyev wa ku Soviet Union anayala ndondomeko yogawa chaka cha wamasewera m'zigawo, zolemera ndi zopepuka mosinthana. Mfundo yake ndi yakuti tsiku limene wathamanga mwamphamvu umabwerako uli wofooka kuposa mmene unapitira. Kulimba kumabwera pambuyo, thupi likamakonza zimene zawonongeka.

Zimene zinandichotsa mantha kwenikweni ndi kafukufuku wa Robert Hickson wa m'zaka za m'ma 1980. Anthu amene ankachita masewera olimbitsa thupi masiku 6 pa sabata kwa masabata 10 anawachepetsera masiku, ena mpaka awiri okha pa sabata, kwa masabata 15. Mphamvu ya thupi yogwiritsa ntchito mpweya, imene amaitcha VO2max, sinatsike, malinga ngati masiku otsalawo ankachitabe mwamphamvu ngati kale. Pamene inatsika m'pamene anachepetsa mphamvu yochitira masewerawo. Kusiyiratu ndi nkhani ina: Edward Coyle ndi anzake mu 1984 anapeza kuti anthu olimba amene anasiya kotheratu anataya pafupifupi 7 peresenti ya VO2max m'masabata atatu. Ndiye taonani kusiyana kwake. Sabata imodzi yochepetsa siikuchotsera kanthu, pamene miyezi imene ine ndinakhala pansi chifukwa chokana sabata imeneyo inandichotsera zambiri.

Ndinazindikiranso dzina la kusowa tulo ndi ukali uja. Mu 2013 mabungwe a European College of Sport Science ndi American College of Sports Medicine anatulutsa chikalata chimodzi chosiyanitsa magawo a kutopa kwa amasewera. Pali kutopa kwabwino kumene kumatha m'masiku ochepa kapena masabata angapo munthu n'kudzuka wamphamvu kuposa kale. Pali kutopa kopyola kumene kumafuna masabata kapena miyezi, popanda phindu lililonse. Ndiye pali kugonja kwa thupi chifukwa chochita masewera mopyola muyeso, kumene amakutcha overtraining syndrome, kumene kumatha kumugwetsa munthu kwa miyezi yambiri ngakhale zaka. Ndikaganiza, ine ndinali pa gawo lachiwiri, ndipo fupa linangondiimitsa ndisanapite patali.

Kubwerera kunali kwapang'onopang'ono moti nthawi zina kunkandipsetsa mtima. Ndinayamba ndi kusambira ndi njinga ya mu jimu, zimene sizimenyetsa mwendo pansi. Kenako kuyenda. Mayi wa mafizo anandilola kuthamanga nditatha kuyenda mtunda wautali komanso kudumpha ndi mwendo umodzi popanda ululu, ndipo ngakhale pamenepo kunali kuthamanga mphindi imodzi, kuyenda zingapo, tsiku lotsatira kupuma. Anandifunsanso za kadyedwe, chifukwa wothamanga amene akudya zosakwanira mphamvu zimene akuwononga mafupa ake amafooka. Ine ndinkadya mochepa dala kuti ndipepuke.

Tsopano ndisanayambe kukonzekera mpikisano uliwonse, chinthu choyamba chimene ndimalemba pa kalendala ndi masabata opumula, zina zonse zimabwera pambuyo. Ndimatsatira masabata atatu okwera ndi imodzi yotsika. Si lamulo la aliyense: achikulire, ongochira kumene, kapena amene ntchito yawo ndi yolemetsa thupi amachita bwino ndi awiri okwera ndi imodzi yotsika. Sabata yopumula si yogona. Ndimachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a makilomita, moti amene amathamanga makilomita 45 pa sabata angatsike kufika pa 30. Ulendo wautali ndimaufupikitsa, ndimawonjezera tsiku limodzi losachita kalikonse, koma ndimasiyamo timaulendo tifupitifupi tothamanga mwaliwiro kuti miyendo isaiwale. Onyamula zitsulo nawo ali ndi sabata yotere, amaitcha deload, ndipo amachepetsa kuchuluka kwa maulendo onyamula kapena kulemera kwa zitsulo.

Pali misampha itatu imene ndinagweramo ngakhale nditaphunzira. Woyamba, masiku oyambirira a sabata yopumula thupi limatha kumveka loipa kuposa kale, miyendo yolemera, tulo tambiri, ndipo maganizo amati waona, wayamba kufooka. N'kutopa kumene kunabisala kukutuluka, ndipo kwa ine kumatha sabatayo ikamapita kumapeto. Wachiwiri ndi kudzaza mpata ndi zina. Ndinkati poti sindikuthamanga kwambiri, ndipalase njinga mtunda wautali, kapena ndigwire ntchito zolemera zonse zimene ndinkazengereza. Thupi silisiyanitsa kumene kutopa kwachokera. Wachitatu ndi kuchepetsa chakudya poganiza kuti sabata ino sindikuwononga mphamvu, pamene ndi sabata imene thupi likumanga ndipo likufuna zomangira.

Chovuta china ndi anzanu. Mukathamanga m'gulu, sabata yanu yopumula imagwera pa sabata yawo yolemera, ndipo kubwerera panjira anzanu akupitirira kumafuna mtima wolimba kuposa kuthamanga nawo. Ndimawauziratu tisananyamuke kuti lero ndibwerera pakutipakuti, chifukwa ndikapanda kunena ndimapezeka ndatha nawo ulendo wonse. Pulogalamu ya pafoni imene inkandiyamikira ndikathamanga masiku otsatizana osadumpha ndinaizimitsa mauthenga ake.

Marathoni ndinadzaithamanga chaka chotsatira. Masabata omalizira ndinachepetsa monga mmene ndondomeko inanenera, osafufuta kanthu. Kuchepetsa kwa mpikisano usanachitike n'kosiyana pang'ono ndi sabata yopumula ya pakati, ndipo kunafufuzidwa kwambiri: Laurent Bosquet ndi anzake mu 2007, atasanthula kafukufuku wambiri, anapeza kuti zimayenda bwino munthu akachepetsa kuchuluka kwa masewera ndi 41 mpaka 60 peresenti kwa masabata awiri, osachepetsa liwiro. Ndinafika pa mzere woyambira miyendo ikuchita kuyabwa. Makilomita omalizira anandiwawa monga amawawira aliyense, ndipo nthawi yanga sinali yoti n'kudzitama nayo, koma msongolo sunalankhule. Nditamaliza ndinakhala masabata angapo ndisanayambirenso kuthamanga mwamphamvu. Ngakhale Eliud Kipchoge, amene anathamanga mtunda wa marathoni mu 1:59:40 ku Vienna mu 2019, amapuma masabata angapo akamaliza mpikisano asanayambe kukonzekera wina.

Mwendo wa kumanzere ndimauyang'anirabe. Amene anang'alukapo fupa amakhala pa chiopsezo choti zichitikenso, choncho kamodzi pa sabata ndimayendetsa chala m'mbali mwa msongolo ndikudina. Ndikapeza malo opweteka, kapena ndikadwala, kapena tulo tikasokonekera masiku angapo, sabata yopumula ndimaikokera kutsogolo osadikira tsiku lake la pa kalendala. Kuikankhira kumbuyo ndimalola pokhapokha ngati yagundana ndi mpikisano waung'ono, ndipo sipapita sabata yoposa imodzi.